Namondwe akadutsa pa mobile home park ku Florida: momwe mungachitire kuti zinyalala zichoke

Namondwe akangodutsa ku Florida, malole a county (boma la dera) amayamba kuzungulira m'misewu kunyamula mitengo yogwa, malata ndi katundu wonyowa. Koma amene amakhala pa mobile home park, paja nyumba ndi yanu koma malo mumalipira lendi mwezi ndi mwezi, kawirikawiri amangowaona malolewo akudutsa pageti osalowa. Milu imakhala masabata, makoswe ndi udzudzu n'kuswana.

Nkhani yagona pa ndalama. County ikanyamula zinyalala, FEMA, bungwe la boma la America loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imaibwezera ndalama zosachepera 75 peresenti potsatira lamulo la Stafford Act la 1988. Koma malamulo a FEMA amaika ma park a lendi m'gulu la malo a bizinesi, pamodzi ndi nyumba za lendi zosanjikizana ndi mabwalo a gofu, poganiza kuti mwini bizinesi ali ndi inshuwalansi yake. County ikalowa pamalo otere popanda chilolezo, ndalama zake zapita. N'chifukwa chake imaima pageti.

1. Dziwani mwini malo ndi mwini msewu

Lowani pa webusaiti ya property appraiser wa county yanu (ofesi yowerengera mtengo wa malo ndi nyumba), lembani adiresi, muone dzina lomwe lili pamalopo. Ngati puloti ndi yanu ndipo msewu ndi wa county, palibe vuto, malole abwera. Ngati park ndi ya anthu okhalamo mogwirizana, misewu yake imatengedwa ngati ya eni, ndipo komiti ndiyo idzasaine mapepala. Ngati mumalipira lendi ku kampani, tulutsani mgwirizano wanu ndi prospectus, kabuku kaja kamaperekedwa pa park ya mapuloti 26 kapena kuposa. Chapter 723 ya malamulo a Florida, yomwe imakhudza ma park a mapuloti a lendi 10 kupita m'mwamba, imagawa ntchito motere: mwini park asamalire malo ogwiritsa ntchito anthu onse ndi mapaipi kapena mawaya a m'manja mwake, inu musamalire puloti yanu. Za mitengo ikuluikulu ya papuloti, werengani bwino, ma prospectus amasiyana.

2. Jambulani musanasunthe kanthu

Mbali zonse zinayi za nyumba, denga, mzere womwe madzi anafika pakhoma, nambala za firiji ndi makina ena. Izi ndi za inshuwalansi.

3. Kankhani mwini park kuti asaine

Apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera, ndiye tikhalitsepo. Lamulo la FEMA lili ndi khomo: chiwonongeko chikakula mpaka kuopseza umoyo wa anthu ambiri, county kapena boma la Florida lingapemphe kuti liloledwe kulowa m'misewu ya eni ndi m'malo a bizinesi. Zinachitika namondwe wa Ian atagunda pa 28 September 2022, pomwe madera owonongeka kwambiri a ku Lee County analoledwa. Koma chilolezocho pachokha sichitsegula geti. Pamafunika fomu yotchedwa right of entry, yomwe imalola malole kulowa ndipo imanena kuti akaphwanya msewu kapena paipi, boma silidzaimbidwa mlandu. Wosaina ndi mwini malo. Si inu, ndipo nthawi zambiri si manijala wa muofesi, pokhapokha atapatsidwa mphamvuzo molemba.

Ambiri amataya sabata ziwiri akuimbira county aliyense payekha, n'kumayankhidwa kuti park yawo siili pamndandanda. Siili pamndandanda chifukwa fomu sinabwere. Manijala akuti watumiza ku likulu, likulu lili ku state ina, maloya akuiwerengabe chifukwa cha mawu aja osaimba boma mlandu. Fomu ina imabwezedwa chifukwa dzina losainidwa silikufanana ndi la kampani yomwe ili m'kaundula wa malo, kapena chifukwa mapepala a inshuwalansi sanaphatikizidwe. Mapepalawo ndi ofunika, popeza FEMA silipira chinthu chomwe inshuwalansi yalipira kale.

Chitani izi sabata yoyamba yomwe. Munthu mmodzi aimbire ofesi ya county ya zinyalala kapena ya emergency management, afunse mafunso atatu: kodi pempho lolowa m'ma park lavomerezedwa, fomu ikupezeka kuti, tsiku lomaliza kuilandira ndi liti. Alembe dzina la yemwe wayankha. Kenaka lembani kalata imodzi kwa mwini park, anthu ambiri asaine, muphatikize fomuyo ndi tsiku lomalizalo, kope lipite kwa county commissioner, mtsogoleri wosankhidwa woimira dera lanu. Kalata ya bungwe la eni nyumba imalemera kuposa madandaulo a pa Facebook. Ngati bungwe mulibe, lamulo limafuna kuti eni nyumba awiri mwa atatu alionse avomereze molemba kuti likhazikitsidwe, ndipo ndi bwino kutero nyengo ya anamondwe isanayambe pa 1 June.

Chomwe musachite ndi kukweza zinyalala pa pikapu n'kukazitula kunja kwa geti m'mbali mwa msewu wa county, pokhapokha county yanena momveka kuti ikulola. Oyang'anira malole amadziwa mulu womwe wachokera m'park, amausiya, ndipo mungathe kulipitsidwa chindapusa chotaya zinyalala pamalo osaloledwa. Ndi njira yachidule yomwe imathera pa kunyamula kawiri.

County ikakana, udindo wa misewu ndi malo a onse ukhalabe wa mwini park. Akafuna kukusenzetsani mtengo wake pokweza lendi, ayenera kupereka chidziwitso cholemba cha masiku 90. Madandaulo amapita ku DBPR, nthambi ya boma la Florida yomwe imaonanso za mobile homes.

4. Patulani milu

Nthambi ndi zipika pazokha, osaziika m'matumba, chifukwa zimapita kukagayidwa ndipo pulasitiki imawononga mtolo wonse. Matabwa, malata, makapeti ndi mipando pazokha. Firiji, makina ochapira ndi sitovu pazokha. Chotsani chakudya m'firiji, chitseko muchimange ndi tepi. Ma TV ndi makompyuta pambali, penti, mabatire ndi masilinda a gasi pambalinso. Mulu ukhale kutali ndi mita ya madzi, bokosi la magetsi ndi mawaya olendewera, chifukwa chikhadabo cha lole sichiona zomwe zakwiririka. Aluminiyamu wa carport (kadenga koimikapo galimoto) musataye, ogula zitsulo amalipira pa sikelo. Nyumba yomangidwa 1976 isanafike ingakhale ndi asbestos, chomangira chomwe fumbi lake limawononga mapapo, m'matailosi a pansi, ndiye musaidule ndi makina.

5. Makontilakitala

Amafika tsiku lachiwiri, manambala a galimoto a state ina, akufuna ndalama zonse pamanja. Onani layisensi pa myfloridalicense.com. Kugwira ntchito ya kontilakitala wopanda layisensi nthawi ya state of emergency ndi mlandu waukulu ku Florida. Odula mitengo afunseni pepala la inshuwalansi, ndipo malipiro akhale ophatikiza kunyamula, chifukwa county siinyamula zomwe kontilakitala wasiya. Malipiro akakwera mopanda chifukwa, imbani nambala ya boma yodandaulira, 1-866-9NO-SCAM. Musanalipire aliyense, yesani Crisis Cleanup, anthu ongodzipereka amadula mitengo ndi kufolera madenga ulere.

6. Zotsala

Lembetsani ku FEMA kuti mupemphe thandizo pa DisasterAssistance.gov kapena 800-621-3362 pasanathe masiku 60 chilengezereni ngozi. Ngati mapepala anu okhalira m'dzikomo sakukuyenerezani koma muli ndi mwana wamng'ono wobadwira ku America, mungalembetse kudzera mwa iye. Sungani malisiti onse, ndipo funsani tsiku la ulendo womaliza wa malole. Likadutsa, chotsala papuloti mudzachotsa ndi ndalama zanu.