Momwe mungapezere labala wa galimoto yakale ngati Peugeot 404

Peugeot 404 inayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Injini yake ndi yopirira, koma labala wa m'zitseko ndi wa galasi lakutsogolo salimba ndi dzuwa lathu la Okutobala. Akauma n'kung'aluka, mvula imalowa, pansi pa galimoto n'kuyamba dzimbiri, ndiye kavuto kakang'ono kasanduka ntchito ya wowotcherera.

Choyamba, musataye labala wakaleyo, ngakhale ataonongeka bwanji. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Muchotseni pang'onopang'ono, mupeze pomwe sanaphwanyike kwambiri, mudule kachidutswa ndi lezala mopingasa. Kaikeni pa pepala loyera pambali pa rula, mukajambule ndi foni. Ogulitsa ambiri amagulitsa labala pa mita potengera maonekedwe a mdulidwe umenewu, osati dzina la galimoto. Choncho labala wopangidwira galimoto ina akhoza kukwana bwinobwino pa chitseko chanu. Muyezenso utali ndi chingwe, muonjezereko pang'ono.

Chachiwiri, lembani nambala ya chasisi. Nambalayi ithandiza wogulitsa kudziwa mtundu wa galimoto yanu, chifukwa saluni ndi pikiapu zimasiyana m'malo ena.

Kenako yambani kufufuza kwanu konkuno. Tengani kachidutswa kaja mupite nako kwa ogulitsa masipeya ku Ndirande kapena ku Lilongwe, komanso kwa oika magalasi a galimoto. Amakaniko achikulire omwe ankakonza 404 kale muwafunse mwaulemu, amadziwa chomwe chimalowa m'malo mwa chinzake. Zikakanika, yang'anani kunja. Bungwe la L'Aventure Peugeot, lomwe lili ndi nyumba yosungira magalimoto akale ku Sochaux, m'dziko la France, limagulitsa zipangizo za magalimoto otere. Wa Land Rover Series III ali ndi mwayi, chifukwa makampani a ku Britain monga Rimmer Bros amagulitsabe labala wake. Powerengera mtengo musaiwale ndalama yotumizira ndi msonkho wa MRA.

Chenjerani ndi labala yemwe akuti ndi "orijino" koma wakhala m'sitolo zaka 30. Labala amakalamba ngakhale asanagwire ntchito. Mupindeni ndi zala. Akaonetsa timing'alu, musiyeni. Ine ndingasankhe wopangidwa chaka chino.

Funsaninso mtundu wake. Wa m'zitseko ndi magalasi akhale EPDM, yemwe amapirira dzuwa ndi mvula koma amafufuma akakhudzana ndi oyilo kapena petulo. Pomwe pali oyilo pamafunika nitrile. Ku mabuleki ogwiritsa ntchito mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 kapena DOT 4 kumafunika EPDM, ndipo kumeneko musayerekeze kuika zongopeka, ndi nkhani ya moyo.

Ma oil seal, omwe amatchinga oyilo kuti asamadonthe, savuta. Amadziwika ndi manambala atatu a mamilimita: m'kati, kunja ndi kuchindikala, mwachitsanzo 35x52x7. Pitani nawo ku sitolo yogulitsa mabering'i.

Poika labala wa galasi, yambani mwapala dzimbiri m'mphepete ndi kupakapo penti. Vekani labala pa galasi, mulowetse chingwe cholimba mumpata wake kuzungulira, mupake madzi a sopo, osati girisi. Mnzanu azikankha galasi pang'ono ali kunja, inu muzikoka chingwe muli m'kati mpaka mlomo wa labala utagwira chitsulo mbali zonse.