Musanagule plenum ya Nissan 350Z

Ngati galimoto yanu ya 350Z ili ndi injini ya VQ35DE, ija ya 2003 mpaka 2006, musathamangire kugula plenum yonse yatsopano (plenum ndi bokosi la pamwamba pa injini limene limagawa mpweya ku masilinda). Ya kufakitale ndi yophwatalala kutsogolo, ndiye masilinda awiri akutsogolo salandira mpweya wokwanira. Spacer, kachitsulo koika pakati kokweza chivundikiro cha plenum, imakonza zimenezi pa mtengo wotsika. Ine ndimakonda ya 5/16 ya inchi chifukwa imalowa bwinobwino pansi pa strut bar, chitsulo chopingasa pamwamba pa injini. Ya theka la inchi imafuna kuti mukwezenso chitsulocho.

Koma onani kaye injini yanu. Ya VQ35HR, yomwe inayamba mu 2007, ili ndi makomo awiri a mpweya, ndipo spacer imeneyi siikwanako. Poika spacer pa VQ35DE, mangani mabawuti motsatira ndondomeko yake, musamangitsenso kwambiri, mazinga a aluminiyamu sachedwa kudyeka.