Kagwiritsidwe ka penti wojambulira mizere ya mtengo pa makabati

Malangizo awa ndi anu amene mwagula pentiyu ku Mchinji n'kuwoloka naye pa Mwami kupita ku Chipata, Katete kapena Lundazi. M'bokosimo muli zitini ziwiri, penti wapansi wowala ndi wapamwamba woderapo, komanso chipeso cha labala. Amagwira bwino pa paini, pulaiwudi ndi chipibodi.

Palani thabwa ndi sandipepala wa nambala 120, mumalize ndi wa 220, motsata utali wake. Pukutani fumbi lonse. Pakani penti wapansi mopyapyala, mumusiye maola 24. M'nyengo ya mvula onjezerani tsiku lina. Ambiri amalakwitsa apa: akakhudza ndi chala amati wauma, pomwe mkati akadali wofewa, ndiye chipeso chikadutsa mitundu iwiri ija imasakanikirana n'kukhala ngati matope.

Wapamwamba pakani pamalo pang'ono, monga chitseko chimodzi cha kabati, chifukwa akayamba kulimba sajambulika. Gwirani chipeso ndi manja awiri, muyambire pamwamba, mukoke mpaka pansi osaima, uku mukuchipendeketsa pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Kupendeketsako ndi kumene kumatulutsa mizere yokhota ija ya pamtima pa thabwa. Mukaima pakati pamatsala chidindo chopingasa, ndipo aliyense adziwa kuti ndi penti. Zikavuta, fafanizani ndi burashi pentiyo asanaume, muyambirenso. Mano a chipeso muziwapukuta ndi kansanza mukatha mzere uliwonse.

Tikulimbikitsa kuti pafupi panu pakhale chidutswa cha mlombwa weniweni, umene kwanuko mumati mukwa. Chiyang'anitsitseni. Pena mizere yathinana, pena yatalikirana, pena yazungulira mfundo. Tsanzirani zimenezo, musapange mizere yofanana ngati ya m'kope. Pa felemu ya chitseko, ya m'mbali iimirire, ya pamwamba ndi pansi igone, monga mmene kalipentala amalumikizira matabwa.

Penti wapamwambayo akauma, pakani vanishi kawiri. Musankhe tsiku lopanda mphepo, chifukwa fumbi la mu Okutobala limamatirira.

Gwirani ntchitoyi mawindo ali otsegula, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya woyatsa. Nsanza zonyowa ndi penti wamafuta musaziunjike pamodzi, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja kapena zinyikeni m'madzi. Thina, mankhwala osungunulira penti, musamuthire m'botolo la chakumwa. Mwana akamwa, musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala mutanyamula chitinicho.