Kuyesa asidi ndi alikali pogwiritsa ntchito chidede

Zofunika: chidede chouma chodzaza dzanja, madzi owira 250 ml, matambula atatu oonekera mkati, madzi a mandimu, chidulo, madzi akumwa.

1. Viikani chidede m'madzi owirawo mphindi 15, sefani, mudikire azizire.
2. Thirani masupuni atatu a mandimu m'tambula yoyamba, a chidulo m'yachiwiri, a madzi m'yachitatu yofanizira.
3. Donthezerani madontho 10 a chidede m'tambula iliyonse. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa: chidede nachonso n'chowawasa, mukachulutsa chimafooketsa chidulo, mtundu osasintha.
4. Yang'anani kumbuyo kuli pepala loyera. Mu asidi, monga mandimu, momwe pH (muyeso wosonyeza ngati chinthu ndi asidi kapena alikali) ndi yochepera 7, mtundu umafiira kwambiri. Mu alikali, monga chidulo, momwe pH ndi yoposa 7, umabiriwira.

Tsukani supuni mukamachoka pa mandimu kupita pa chidulo, ndipo chidulo chisakugwereni m'maso.