Momwe mungayendere mu London sitima za pansi pa nthaka zikakhala pa sitalaka

Amalawi ambiri okhala ku London amagwira ntchito za mashifiti: kusamalira okalamba, kuthandiza m'zipatala, kukonza m'maofesi m'bandakucha. Ntchito zimenezi sizigwiridwa pa kompyuta uli pakhomo. Ndiye ogwira ntchito pa Tube, sitima za pansi pa nthaka zija, akanyanyala ntchito, ena amangotsegula laputopu kunyumba, pomwe ife tiyenera kudzuka ndi kukafika basi. Mu Seputembala 2025 bungwe la ogwira ntchito la RMT linaimitsa Tube pafupifupi sabata yathunthu, ndipo amene anazunzika kwambiri ndi amene anadzuka m'mawa n'kunena kuti tikaonera konko. Ulendo wa tsiku la sitalaka umakonzedwa madzulo a dzulo lake.

1. Dziwani amene anyanyala ndi masiku ake

Sitalaka ya ku Britain sibwera modzidzimutsa. Lamulo limafuna kuti bungwe la ogwira ntchito lidziwitse mabwana pasadakhale, choncho masiku amalengezedwa. Lowani pa webusaiti ya Transport for London (TfL), bungwe loyang'anira Tube ndi mabasi a mumzindawu, kapena ikani pulogalamu yake ya TfL Go pafoni. Onaninso kuti ndi bungwe liti. ASLEF ndi ya madalaivala a sitima. RMT ili ndi anthu a m'masiteshoni, oyang'anira zizindikiro za panjanji, komanso madalaivala ena. A m'masiteshoni akanyanyala, sitima ikhoza kumayenda ndithu koma n'kudutsa siteshoni yanu zitseko zili zotseka. Nthawi zina amagwirizana tsiku lomaliza n'kuimitsa sitalakayo, ndiye onaninso foni musanagone.

2. Ganizirani za kubwerera kaye, kupita pambuyo

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, makamaka inu a shifiti ya usiku. Akalemba kuti sitalaka ndi ya Lachiwiri, musaganize kuti Lolemba ndi Lachitatu zinthu zili bwino. Kawirikawiri madzulo a Lolembalo sitima zimasiya kuyenda msanga, ndipo Lachitatu m'mawa zimachedwa kuyamba chifukwa antchito ndi sitima zomwe ziyenera kubwerera kaye m'malo mwake. Munthu woweruka 7 koloko m'mawa, maso ali gwa ndi tulo, amafika pasiteshoni n'kupeza chitseko chachitsulo chidakali chokoka. Musanakonze njira yopitira, lembani papepala nthawi yomwe muweruke ndi njira yomwe mubwerere popanda Tube. Pepala ndi labwino chifukwa foni imatha moto nthawi yomwe mukuifuna kwambiri.

3. Funani sitima zomwe si Tube

Pa mapu onse amaoneka ngati banja limodzi, koma Elizabeth line, London Overground, DLR, Thameslink ndi matramu a ku Croydon ali ndi antchito awoawo. Kawirikawiri amayenda Tube ikaima.

Elizabeth line, yomwe inatsegulidwa mu 2022, ndiyo imapulumutsa anthu ambiri. Imadutsa pakati pa mzinda kuchokera ku Abbey Wood ndi ku Shenfield kukafika ku Paddington, Heathrow mpaka Reading. Ngati ulendo wanu ndi wochokera kumpoto kupita kummwera, Thameslink imadutsa pa St Pancras, Farringdon ndi Blackfriars, ndipo zina zimafika pa London Bridge. Oyster (khadi lolipirira ulendo) kapena khadi la kubanki limagwira ntchito chimodzimodzi mkati mwa London.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Masiteshoni ena a pakati pa mzinda, monga Bond Street, Tottenham Court Road ndi Whitechapel, amagwirizana ndi Tube, ndiye Elizabeth line ikhoza osaima pamenepo m'mamawa kwambiri kapena usiku. Komanso njira zimenezi zimakhala ndi mikangano yake. Mu Seputembala muja DLR nayo inaima masiku ena.

4. Basi ikwereni mwanzeru

Mabasi ofiira amayenda, koma anthu onse a pansi pa nthaka amakhala atatulukira pamsewu. Pasiteji pamadzaza ngati pa depoti ya Wenela Khrisimasi ikayandikira. Basi ikadzaza dalaivala satsegula chitseko cha kutsogolo. Amangotsitsa anthu chakumbuyo n'kunyamuka, inu mukuyang'ana nyali zake. Musaime pasiteji ya pafupi ndi siteshoni ya Tube. Bwererani m'mbuyo masiteji awiri kapena atatu, kapena pitani komwe basiyo imayambira ulendo. Ndi bwino kutaya mphindi 10 mukuyenda kusiyana n'kuona mabasi anayi akukudutsani.

Ndalama za m'manja salandira m'basi za London kuyambira 2014, choncho onetsetsani kuti khadi lili ndi ndalama. Mukalipira basi yoyamba, mabasi ena onse omwe mukwere mkati mwa ola limodzi simulipiranso. Musaope kudula ulendo pawiri kuti mupewe msewu wothinana. Ngati mungathe kunyamuka 6 koloko isanakwane, nyamukani. Ikamakwana 8 koloko misewu imakhala itatsekeka.

5. Gwiritsani ntchito miyendo

Mapu a Tube amapusitsa. Masiteshoni ooneka otalikirana amakhala pafupi kwenikweni. Kuchoka pa Leicester Square kufika pa Covent Garden ndi mphindi zosakwana 5 wapansi. Pa King's Cross kufika pa Euston ndi mphindi pafupifupi 10. TfL ili ndi mapu osonyeza mphindi zoyenda wapansi pakati pa masiteshoni. Asungeni pafoni. Valani nsapato zofewa, zakuntchito muike m'chikwama pamodzi ndi ambulera ndi botolo la madzi.

Njinga zobwereka za Santander ndi za Lime zilipo, koma zimatha msanga tsiku lotere. Ngati simunapalasepo njinga pakati pa mabasi a London, musayambire tsiku la sitalaka. Galimoto yanu kapena Uber ndi njira yomaliza: mitengo imakwera, ndipo mukaima pamzere womwewo ndi mabasi.

6. Samalani polipira

M'chipwirikiti mageti ena amasiyidwa otsegula. Gunditsanibe khadi polowa ndi potuluka, khadi lomwelo kapena foni yomweyo. Mukaiwala amakudulani mtengo wapamwamba kwambiri. Dziwaninso kuti TfL sibweza ndalama chifukwa chochedwa ndi sitalaka.

7. Lankhulani ndi abwana lisanafike tsiku

Musadikire kuimba foni muli pasiteji. Auzeni masiku awiri pasadakhale, funsani ngati mungasinthane shifiti ndi mnzanu wokhala pafupi ndi kuntchito, kapena mugone kwa m'bale wa dera lomwelo. Pa ntchito yosamalira anthu, mukachedwa ndiye kuti agogo ena akudikira mankhwala ndipo mnzanu wa usiku sangaweruke.

Ngati ndi tsiku lokwera ndege kupita kumudzi, kumbukirani kuti Piccadilly line yopita ku Heathrow ndi Tube, ndiye nayo imaima. Kwerani Elizabeth line, kapena Heathrow Express yochokera pa Paddington yomwe imatenga mphindi 15 koma ndi yodula, kapena basi ya National Express kuchokera pa Victoria Coach Station. Ndi masutikesi awiri odzaza katundu wa abale, onjezani maola awiri pa nthawi yomwe mumanyamukira masiku onse, ndipo tikiti ya basiyo muguliretu pa intaneti mipando isanathe.