Momwe mungadziwire dzina la chomera, kachilombo kapena bowa kudzera pa chithunzi cha pa foni

Mvula ikangoyamba, magulu a WhatsApp amadzaza ndi zithunzi za njoka, mbozi, maluwa ndi bowa, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse pamakhala funso lomwelo lakuti kodi chimenechi n'chiyani. Mayankho amabwera ambiri koma amatsutsana, ndipo kawirikawiri woyankha mwamphamvu sakhala wodziwa. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikutumiza zithunzi zoterezi pa iNaturalist, pomwe anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ena akatswiri a m'masukulu a ukachenjede ndipo ena ongokonda zachilengedwe, amathandizana kutchula mayina a zamoyo. Ntchitoyi inayamba mu 2008 ndi ophunzira atatu a pa University of California ku Berkeley, kenako inakhala pansi pa California Academy of Sciences, ndipo kuyambira mu 2023 ndi bungwe loima palokha losachita malonda.

Choyamba, tsitsani pulogalamu ya iNaturalist pa foni yanu ndi kutsegula akaunti pogwiritsa ntchito imelo. Pulogalamuyi ndi yaulere, choncho mukaona ina yokhala ndi chithunzi cha tsamba kapena bowa ikukupemphani nambala ya khadi la ku banki isanakuonetseni chilichonse, dziwani kuti mwasochera. Mapulogalamu otere alipo ambiri, ndipo ena amafika polonjeza kuti akuuzani ngati bowa ndi wodyedwa, lomwe ndi lonjezo loti munthu wanzeru sangalipereke poyang'ana chithunzi chimodzi. Alipo ena abwino ndithu, monga Pl@ntNet wa zomera ndi Merlin wa mbalame, koma yankho lomwe amakupatsani nthawi yomweyo limachokera ku makina, pomwe pa iNaturalist chithunzi chanu chimaonedwanso ndi anthu omwe mungathe kuwafunsa chifukwa chake atchula dzinalo. Mukamaliza kulembetsa, lolani kamera ya foni kuti izisunga malo omwe chithunzi chajambulidwira, ndipo muzimitse kutumiza kodzichitikira kokha, kupanda kutero bandulo yanu idzatha muli kutchire musanajambule n'komwe zomwe munapitira. Pulogalamuyi imasunga zonse ngakhale kulibe netiweki, ndipo mutha kuzitumiza madzulo mukabwerera kunyumba.

Simufunika kamera yodula. Ndinagulapo kagalasi kokuzira kopanira pa kamera ya foni kwa wogulitsa wina wa mumsika, yemwe ananditsimikizira kuti ndi kochokera kunja ndipo ndidzaona ngakhale ubweya wa pa mwendo wa ntchentche. Mtengo wake unali wofanana ndi bandulo ya mwezi wathunthu, koma kanali ka pulasitiki, kankachititsa m'mbali mwa chithunzi kuoneka mwachimbuuzi, ndipo kopanira kake kanathyoka pasanathe masabata awiri. Njira yosalira ndalama ndi kuika dzanja kapena pepala kumbuyo kwa chinthu chaching'onocho kuti kamera ilunjike pa icho m'malo mwa udzu wa kumbuyo, kenako n'kudula chithunzicho kuti chinthucho chidzaze pakati.

Chachiwiri ndi kujambula, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse, chifukwa katswiri wokhala ku Cape Town kapena ku Nairobi sangagwire, sanganunkhize ndipo sangatembenuze chinthu chanucho. Ali ndi zokhazo zomwe mwamuonetsa. Pa chomera, jambulani chonse chili chiimire, kenako tsamba pamwamba ndi kunsi, duwa, chipatso ndi khungwa ngati ndi mtengo. Pa mbozi, jambulani mutu ndi kumchira, popeza ntchemberezandonda, zomwe zinavutitsa alimi a chimanga m'dziko muno mu 2017, zimadziwika ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu ndiponso timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya zinayi za bokosi pafupi ndi kumchira. Ikani bokosi la machesi kapena ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kudziwike. Njoka ijambuleni muli patali, ndipo chithunzi chosaoneka bwino cha mphiri ndi chokwanira.

Pa bowa ndi pomwe ndinalakwitsa, ndipo ndikhalapo pang'ono. Mwezi wina wa Januwale ndikuyenda m'nkhalango ya miombo mmunsi mwa phiri la Zomba, ndinapeza bowa wamkulu woyera, wa chipewa chotambalala ngati mbale, wonyezimira ndi mvula ya usiku. Ndinachita zomwe ndinazolowera kuona kuyambira ndili mwana: ndinatulutsa mpeni, ndinamudula tsinde molingana ndi nthaka, ndinamuika m'jumbo n'kupita naye kunyumba. Kumeneko ndinamutsuka bwinobwino, ndinamuika pa mbale yoyera, ndinamujambula kuchokera pamwamba chithunzi chimodzi chokongola, ndipo ndinatumiza ndili wokhutira. Tsiku lotsatira munthu wina wodziwa za bowa analemba kuti ndi wa gulu la Amanita, ndipo anafunsa mwaulemu mafunso atatu: kodi tsinde lake pansi pa nthaka linali lotani, kodi kunsi kwa chipewa kunali kwa mtundu wanji, ndipo kodi anamera pafupi ndi mitengo yanji. Ndinalibe yankho ngakhale limodzi lokhala ndi chithunzi.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti bowa wa gulu limeneli amatuluka m'kathumba konga chigoba cha dzira, ndipo kathumbako kamatsalira pansi pa tsinde, nthawi zambiri kokwiririka m'dothi. Maonekedwe a kathumbako, pamodzi ndi kamphete kamene kamazungulira tsinde chapamwamba ndi tizigamba totsalira pa chipewa, ndi zomwe akatswiri amadalira posiyanitsa mitundu. Mpeni wanga unasiya kathumbako m'nthaka, ndipo madzi a pa mpope anachotsa zotsalazo. Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa m'gulu lomweli muli ndelema, yemwe amadyedwa ndi kugulitsidwa m'mbali mwa misewu nthawi ya dzinja, komanso muli Amanita phalloides, yemwe amawononga chiwindi ndipo wodya amayamba kumva kudwala patapita maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, poizoni atalowerera kale. Kuwonjezera apo, popeza ndinajambulira kunyumba, foni inalemba kuti bowayo anamera pakhonde panga m'tauni, pomwe palibe mtengo wa mombo kapena msuku ngakhale umodzi, chonsecho bowa wambiri wa m'miombo amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo imeneyi ndipo samera kwina. Ndinabwerera kunkhalango kuja patapita masiku awiri kukafukula chotsalacho, koma ndinapeza matope ndi mphutsi basi. Chithunzi chija chidakali pomwepo mpaka lero ndi dzina la gulu lokha.

Tsopano ndimachita motere. Ndimajambula bowa asanakhudzidwe, ali pomwe wamera, ndipo ndimaonetsa ngati ali pa dothi, pa chipika chowola kapena pa chulu, chifukwa bowa wa gulu la Termitomyces amalimidwa ndi chiswe ndipo tsinde lake limalowa pansi ngati muzu wautali. Kenako ndimajambula masamba a mitengo yoyandikana nayo. Ndikatero ndimamufukula ndi kamtengo kuyambira patali pang'ono kuti atuluke wathunthu ndi dothi lake, ndimamugoneka chammbali, ndipo ndimajambula tsinde lonse ndi timizere ta kunsi kwa chipewa. Ndimamung'amba pakati kuti ndione ngati mnofu wake ukusintha mtundu kapena ukutuluka madzi onga mkaka, ndipo fungo lake ndimalilemba m'mawu. Ngati mukufuna kuchita zambiri, dulani chipewa, chiikeni pa pepala loyera timizere titayang'ana pansi, chivindikireni ndi kapu, ndipo mmawa mudzapeza fumbi la njere zake litajambula chithunzi pa pepalapo. Pali bowa wina wotchedwa Chlorophyllum molybdites, wokonda kumera pa kapinga, yemwe amaoneka wokoma m'maso koma amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa koopsa, ndipo fumbi lake lobiriwira ndi lomwe limamuulula. Ngakhale mutachita zonsezi, dzina lochokera pa intaneti lisakhale chilolezo choikira bowa mumphika. Pa nkhani ya kudya, ine ndimakhulupirira amayi a m'mudzi omwe akhala akuzula bowa m'nkhalango yomweyo kwa zaka makumi ambiri kuposa anthu khumi ogwirizana pa chithunzi.

Chachitatu ndi kutumiza. Zithunzi zonse za chinthu chimodzi zikhale pamodzi, ndipo chinthu china chikhale ndi malo akeake, ngakhale munazijambula pa tsamba limodzi. Pulogalamuyi idzakuonetsani mayina omwe makina akuganizira, ndipo pa zamoyo zodziwika bwino monga namasupuni wa mu mtsinje wa Shire amalondola, koma makinawo amaphunzira kuchokera pa zithunzi zomwe anthu atumiza kale, ndipo za kuno ndi zochepa poyerekeza ndi za ku America ndi ku Ulaya. Ngati simukutsimikiza, sankhani gulu lalikulu lomwe mukulidziwa, monga Fungi pa bowa, Plantae pa zomera kapena Insecta pa tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi. Musasiye malowo opanda kanthu, chifukwa akatswiri amasefa zithunzi potsata magulu, ndipo chopanda gulu chimakhala miyezi osaonedwa. Chithunzi chomwe wina wakutumizirani pa WhatsApp chimafika chitataya tsiku ndi malo, kotero muyenera kumufunsa mwiniwake, kupempha chilolezo chake, ndi kuika malowo pa mapu ndi dzanja.

Pa malo pali chinthu chimodzi choyenera kusamala. Mukajambula pakhomo panu, sankhani kuti malowo abisike, ndipo anthu adzangoona dera la makilomita pafupifupi 20 mbali iliyonse m'malo mwa nyumba yanu yeniyeni. Malo a zamoyo zambiri zomwe zili pa chiopsezo chakutha pulogalamuyi imawabisa yokha, koma ine sindidikira zimenezo ndikakumana ndi chinthu chosakidwa ndi anthu ozembetsa, monga ngaka kapena mkungudza wa ku Mulanje. Chomera chobzalidwa ndi nyama yoweta muzilembe kuti si zakutchire.

Chachinayi ndi kudikira. Mbalame ndi agulugufe zimatchulidwa msanga, nthawi zina tsiku lomwelo, pomwe udzu, akangaude ndi bowa zimatenga nthawi yaitali. Anthu osachepera awiri akatchula dzina, ndipo oposa magawo awiri mwa atatu a otchulawo akagwirizana pa mtundu umodzi, chithunzi chanu chimapatsidwa chizindikiro cha Research Grade ndipo chimatha kutumizidwa ku GBIF, nkhokwe ya mbiri ya zamoyo za dziko lonse lapansi yomwe ofufuza amagwiritsa ntchito. N'chifukwa chake simuyenera kudina batani logwirizana ndi dzina lomwe wina wapereka pongofuna kumuthokoza, popeza mukatero mwasandutsa ganizo la munthu mmodzi kukhala umboni wa anthu awiri. Thokozani m'mawu, ndipo funsani chomwe waona.

Zotsalazo mudzazizolowera nokha. Lembani dzina la Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka m'malo a ndemanga ngati mukulidziwa. Pakapita mwezi popanda yankho, yang'anani omwe amatchula kwambiri mayina a gulu limenelo kum'mwera kwa Africa ndi kuitana mmodzi kapena awiri, osati khumi. Chomera chikakanika ndithu, chiumitseni pakati pa nyuzipepala pamodzi ndi duwa lake, mulembe tsiku ndi malo, ndipo mupite nacho ku National Herbarium, malo osungira ndi kuzindikira zomera, ku Zomba.