Madzi ndi chakudya mukachita opaleshoni yochepetsa thupi

Anzanga, mchemwali wanga anachita opaleshoni yochepetsa chifu ija, ndiye kutentha kwa kuno ku Mangochi kunkamufooketsa zedi poti madzi ambiri nthawi imodzi sangamwe, akangogugudiza basi kusanza. Chatithandiza ndi ichi, kabotolo kazikhala pambali tsiku lonse muzimwa pang'onopang'ono ngati mukulawa, osadikira ludzu. Koma pakudya madzi ayi, dikirani mphindi 30 mukatha kudya, chifu chachepa ndiye madzi amalanda malo a chakudya. Mbale ikabwera yambani ndi ndiwo, chambo chochotsa minga bwinobwino kapena dzira, nsima pambuyo pang'ono chabe, ndipo muzitafuna mpaka zisalale. Zakumwa za gasi ndi zashuga zisiyeni. Mkodzo ukada kwambiri kapena mukamamva chizungulire pitani kuchipatala chonde musachedwe.